Kodi Ndalama Igona Masiku Angati M'thumba?

Munthu aliyense akafunsidwa kuti afuna ndalama zingati, sachedwa kuyankha: afuna zambiri. Koma funso limene akatswiri a zachuma akhala akulimbana nalo kwa zaka zoposa 100 nlosiyana ndi limenelo. Iwo afunsa kuti: pa chuma chonse chimene munthu ali nacho, ndi gawo lotani limene iye asankha kulisunga monga ndalama, za m'thumba kapena za ku banki zoti atha kukatapa tsiku lililonse, osazisandutsa mbuzi, malata, matumba a chimanga kapena katundu wa m'sitolo? Alimi awiri atha kugulitsa fodya tsiku limodzi nalandira ndalama zofanana. Wina pofika madzulo wagula kale ng'ombe ndi feteleza. Mnzake wamanga zake pampango nazibisa kufikira dzinja. Chuma chawo nchofanana, koma pa kasungidwe ka ndalama asiyana kutalitali.

Nkhaniyi ioneka yaing'ono, koma pa iyo pagona mtengo wa mchere, sopo ndi ufa. Banki yaikulu ya dziko ndiyo itulutsa ndalama, koma oweruza kuti ndalamazo zigone masiku angati zisanagule kanthu ndi anthu wamba. Banki ikatulutsa ndalama zoposa zimene anthu afuna kusunga, aliyense athamangira kukagula katundu kuti zimchoke. Tsono ndalama sizitha pogula. Zingochoka m'dzanja ili kulowa m'dzanja ilo, ndipo popeza katundu sanachuluke, mitengo ikwera. Banki ikatulutsa zochepa, aliyense aumirira zimene ali nazo, malonda azilala, ndipo anthu achotsedwa ntchito. Chotero dziko lililonse liyenera kudziwa zimene zichititsa anthu kusunga ndalama kapena kuzitaya msanga. Tiyeni tione zimene ofufuza apeza, ndi pamene anaphonya.

NDALAMA IMODZI, MANJA KHUMI

Mmodzi mwa oyamba kuika nkhaniyi m'masamu omveka anali Bambo Irving Fisher, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Yale ku America, m'buku lake la chaka cha 1911. Iye anati tisawerenge ndalama zokha, koma tiwerengenso maulendo amene ndalama iliyonse iyenda. Pepala limodzi la K1,000 likadutsa m'manja khumi pa mwezi, lagwira ntchito ya K10,000. Motero kuchuluka kwa ndalama, kuchulukitsa ndi liwiro lake, kulingana ndi mtengo wa zinthu zonse zogulidwa m'nyengoyo. Fisher anakhulupirira kuti liwirolo silisintha msanga, pakuti litsata miyambo ya malipiro ndi mayendedwe a m'dziko. Chifukwa chake ndalama zikawirikiza kawiri, mitengonso idzawirikiza kawiri.

Aphunzitsi a ku Cambridge ku England, Bambo Alfred Marshall ndi wophunzira wawo Bambo Arthur Pigou amene analemba za nkhaniyi mu 1917, anaionera mbali ina. M'malo mofunsa kuti ndalama ithamanga bwanji, anafunsa kuti munthu asunga gawo lanji la zimene apeza pa chaka. Masamu ake ndi amodzimodzi, pakuti ndalama yosungidwa nthawi yaitali ndiyo yoyenda pang'onopang'ono, koma funsolo linatembenuza maso a ofufuza kuchoka ku ndalama kunka kwa mwini ndalama.

Chitsanzo chithandiza. Kalaliki alandira K300,000 pa mwezi namwaza K10,000 tsiku lililonse. Tsiku loyamba ali nazo zonse, tsiku lomaliza alibe kanthu, ndipo tikalinganiza masiku onse a mweziwo tipeza kuti asunga K150,000. Bwana wake akasintha nayamba kumlipira K100,000 masiku khumi alionse, malipiro ake sanachepe ndi tambala yomwe, koma zimene asunga zatsika kufika pa K50,000. Mwambo wa malipiro wokha wachepetsa ndalama zofunika m'thumba mwake.

ZIFUKWA ZITATU ZA KEYNES

Mu 1936, dziko lapansi lili m'kati mwa ulova waukulu, Bambo John Maynard Keynes wa ku Cambridge komweko anatulutsa buku limene linasintha maphunziro a zachuma. Iye anatchula zifukwa zitatu zimene munthu asungira ndalama. Choyamba ndicho kugula zofunika za tsiku ndi tsiku, pakuti tsiku lolandira ndi tsiku logula sakumana. Chachiwiri ndicho kuopa zogwa mwadzidzidzi, monga matenda, maliro kapena mlandu. Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Zifukwa ziwirizi zikula pamene zopeza za munthu zikula.

Chachitatu ndicho chinali chatsopano, ndipo chikhudza chiwongoladzanja. Amene asunga ndalama m'bokosi ataya phindu limene akadapeza pozibwereketsa, mwachitsanzo pogula makalata a ngongole ya Boma. Chiwongoladzanja chikakwera, kusunga ndalama m'bokosi kukhala kodula, ndipo anthu asunga zochepa. Chikatsika kwambiri, anthu saona chifukwa chobwereketsa, ndiponso aopa. Taonani: kalata imene ibala mapaundi 5 chaka ndi chaka kosalekeza igulidwa mapaundi 100 pamene chiwongoladzanja chili 5 pa 100 alionse, koma chikakwera kufika pa 10, kalata yomweyo ingogulidwa mapaundi 50. Munthu amene aganiza kuti chiwongoladzanja chidzakwera ayamba wasunga ndalama zake, kudikira kuti makalata atsike mtengo. Keynes anachenjeza kuti m'nyengo yotere banki yaikulu itha kutulutsa ndalama zambiri, koma zonse zingolowa m'mabokosi osadzutsa malonda.

Mantha a anthu anali ataoneka kale ku America. Pakati pa 1930 ndi 1933 mabanki pafupifupi 9,000 anatsekedwa, ndipo anthu anathamangira kukatapa ndalama zawo kuti azisunge okha. Bambo Milton Friedman ndi Mayi Anna Schwartz, m'buku lawo la 1963 la mbiri ya ndalama za dzikolo, anaonetsa kuti pakati pa 1929 ndi 1933 ndalama zonse zinachepa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo anadzudzula banki yaikulu chifukwa chosatulutsa ndalama zokwanira pamene anthu anali kuzifunitsitsa.

ULENDO WA KU BANKI ULI NDI MTENGO WAKE

Otsatira Keynes anapeza kuti chiwongoladzanja chikhudzanso ndalama zogulira za tsiku ndi tsiku. Bambo William Baumol mu 1952 ndi Bambo James Tobin mu 1956, aliyense payekha, anafanizira ndalama ndi katundu wa m'sitolo. Mwini sitolo akaoda katundu wambiri nthawi imodzi, chuma chake chigona pa mashelefu. Akaoda pang'onopang'ono, atha ndalama pa maulendo. Chimodzimodzinso munthu amene ali ndi buku la ku banki lobala chiwongoladzanja: akatapa zambiri ataya chiwongoladzanja, akatapa zochepa achulutsa maulendo, ndipo ulendo uliwonse udya nthawi, mtengo wa basi ndi kuima pamzere.

Masamu a awiriwa anatulutsa lamulo lodabwitsa: zogula za munthu zikawirikiza kanayi, ndalama zimene ayenera kusunga zingowirikiza kawiri. Ndiye kuti wamalonda wamkulu asunga gawo laling'ono la chuma chake monga ndalama kusiyana ndi wamalonda wamng'ono. Lamuloli linaloseranso kuti ulendo wa ku banki ukadzatsika mtengo, anthu adzasunga zochepa. Mfundo imeneyi tiikumbukire, pakuti idzabweranso.

Friedman, wa pa yunivesite ya Chicago, anasonkhanitsa zonsezi mu 1956. Iye anati ndalama ndi imodzi chabe mwa nkhokwe zosungiramo chuma, ndipo munthu aiyerekeza ndi nkhokwe zina zonse: makalata a ngongole, masheya a makampani, nyumba ndi katundu. Anatinso munthu sayang'ana zimene wapeza mwezi uno zokha, koma zimene ayembekeza kupeza zaka zambiri. Ndipo ananena molimba mtima kuti kasungidwe ka ndalama katsata malamulo okhazikika, kotero kuti banki yaikulu ingoyenera kuonjeza ndalama ndi muyeso umodzi wochepa chaka chilichonse, osasinthasintha.

PAMENE NDALAMA ITENTHA M'MANJA

Umboni wamphamvu koposa unachokera kwa wophunzira wa Friedman, Bambo Phillip Cagan, amene m'chaka chomwecho cha 1956 anafufuza nyengo 7 za kukwera koopsa kwa mitengo ku Austria, Germany, Greece, Poland, Russia ndi Hungary kawiri. Iye anaika malire akuti kukwera koopsa kuyamba pamene mitengo ikwera ndi 50 pa 100 alionse m'mwezi umodzi. M'maiko onsewo anapeza chinthu chimodzi: anthu akayembekeza kuti mitengo ikwera mawa, asunga ndalama zochepa lero.

Ku Germany mu 1923 antchito ambiri ankalipidwa kawiri pa tsiku, ndipo ankathamanga nazo ku masitolo mitengo isanasinthe. Pofika mwezi wa Novembala, dola imodzi ya America inkagulidwa ndi ma mark 4,200,000,000,000. Chodabwitsa nchakuti m'masiku omwewo amalonda ankadandaula kuti ndalama zikusowa, ndipo mkulu wa banki yaikulu, Bambo Rudolf Havenstein, ankayankha mwa kusindikiza zina. Kudandaulako kunali ndi maziko ake: mitengo inkathamanga kuposa makina osindikizira, kotero kuti mapepala onse a m'dzikomo pamodzi ankagula kachigawo kakang'ono ka zimene ndalama za dzikolo zinkagula nkhondo isanayambe. Anthu anali ataleka kusunga ndalama, ndipo pepala lililonse latsopano linkangoonjeza moto. Zinthu zinakhazikika pamene ndalama yatsopano, Rentenmark, inatuluka m'mwezi womwewo, Boma n'kuleka kulipira ngongole zake ndi makina osindikizira. Anthu atakhulupirira kuti ndalamayo sichuluka mwachisawawa, anayambanso kuisunga.

Ku Hungary mu Julayi 1946 zinafika poipa koposa, pakuti mitengo inkawirikiza kawiri maola 15 alionse. Ndipo abale athu ambiri okhala ku Zimbabwe anaziona ndi maso awo mu 2008. Kuchiyambi kwa 2009 kunatuluka pepala la madola 100,000,000,000,000, koma anthu anali atatembenukira kale ku dola ya America ndi randi ya South Africa, ndipo Boma linavomereza zimenezo m'chaka chomwecho.

NDALAMA ZOSOWA

Pofika zaka za m'ma 1960 ofufuza anali ndi makompyuta ndi ziwerengero za zaka zambiri, ndipo anayamba kuyesa malamulowa. Mu 1973 Bambo Stephen Goldfeld wa pa yunivesite ya Princeton anafalitsa masamu amene anafotokoza bwino lomwe kasungidwe ka ndalama ku America chithere nkhondo yachiwiri, pogwiritsa ntchito zinthu zochepa chabe: zopeza za dziko, chiwongoladzanja, ndi ndalama zimene anthu anasunga miyezi yapitayo. Ambiri anayesa kuti nkhani yatha.

Koma kuyambira 1974 masamuwo anayamba kuphonya. Anthu ndi makampani ankasunga ndalama zochepa kwambiri kuposa zimene masamu ankalosera, ndipo mu 1976 Goldfeld yemweyo analemba nkhani ina imene mutu wake unali wa ndalama zosowa. Ndalamazo sizinabedwe ayi. Chiwongoladzanja chitakwera, mabanki ndi amalonda anatulukira njira zatsopano zosungira chuma: mabuku obala chiwongoladzanja amene munthu atha kulemberapo cheke, mabungwe osonkhanitsa ndalama za anthu n'kugula nazo makalata a ngongole za nthawi yochepa, ndi makadi ogulira pangongole. Makina otapira ndalama, amene banki ya Barclays inaika koyamba ku Enfield mu London mu 1967, anali kufalikiranso. Ulendo wa ku banki unatsika mtengo, monga momwe Baumol ndi Tobin ananenera, ndipo malire a pakati pa ndalama ndi chuma china anayamba kufufutika.

Tsoka lake nlakuti maboma anayamba kutsata uphungu wa Friedman m'nyengo yomweyo. Canada inaika malire a kakulidwe ka ndalama mu 1975. Ku America, Bambo Paul Volcker, mkulu wa banki yaikulu, anachita chimodzimodzi mu Okutobala 1979, ndipo Boma la Mayi Margaret Thatcher ku Britain linalengeza malire ake a zaka zingapo mu 1980. Kukwera kwa mitengo kunagonjadi: ku America kunatsika kuchoka pa 13 pa 100 alionse mu 1980 kufika pa 3 mu 1983. Koma mtengo wake unali wowawa, pakuti chiwongoladzanja cha mabanki chinapyola 20 pa 100 alionse ndipo anthu mamiliyoni anasowa ntchito. Ndiponso muyeso wa ndalama sunamvere. Mu 1982 Canada inausiya, ndipo mkulu wa banki yake, Bambo Gerald Bouey, anati si iwo anasiya muyesowo, koma muyesowo ndiwo unawasiya. America inachepetsa kuudalira m'chaka chomwecho, ndipo Britain inautaya pakati pa zaka za m'ma 1980. Bambo Charles Goodhart wa ku Bank of England anali atachenjeza kale mu 1975 kuti muyeso uliwonse uleka kunena zoona Boma likangoyamba kulamulira nawo, pakuti anthu ndi mabanki apeza njira zoulambalala.

Kuyambira pamenepo mabanki aakulu ambiri anasintha njira. New Zealand mu 1990 inayamba kulengeza malire a kukwera kwa mitengo yeniyeniyo, ndi kugwiritsa ntchito chiwongoladzanja pofikira malirewo. South Africa inatsatira mu 2000. Komabe funso lakale silinafe. Pambuyo pa mavuto a mabanki a 2008, America ndi Britain anatulutsa ndalama zochuluka zedi, koma mitengo sinakwere kwenikweni, pakuti chiwongoladzanja chinali pafupi ndi ziro ndipo mabanki ndi anthu anangozisunga, monga Keynes ananenera. Mu 2020, m'nyengo ya mliri wa Covid, ndalama za ku America zinachuluka ndi pafupifupi 25 pa 100 alionse m'chaka chimodzi. Anthu anazisunga ali m'nyumba. Atatuluka anayamba kugula pamene katundu anali wosowa ndipo mafuta anali atakwera, ndipo mu Juni 2022 kukwera kwa mitengo kunafika pa 9.1 pa 100 alionse. Apo otsatira Friedman anati mawu awo apherezera.

NANGA KUNO KWATHU?

Kafukufuku wambiri amene tatchulayu anachitika m'maiko amene pafupifupi munthu aliyense ali ndi buku la ku banki. M'maiko a alimi monga lathu, zifukwa nzomwezo koma kulemera kwake nkosiyana. Mbiri yathu ionetsa chifukwa china chimene mabuku aja sachitchula kawirikawiri, ndicho msonkho. Makolo athu ankasinthanitsa nsalu, mikanda, mchere ndi makasu; koma Boma la atsamunda litaika msonkho wa nyumba m'zaka za m'ma 1890, munthu anayenera kupeza mashereni, ndipo ambiri anapita kukagwira ntchito ku minda ya azungu ndi ku migodi ya kummwera chifukwa cha iwo.

Chachiwiri ndicho nyengo. Banki yaikulu ya Malawi, imene inayamba ntchito mu 1965 ndi kutulutsa kwacha mu 1971 m'malo mwa paundi, iyenera kukonzekera miyezi yokolola ndi yogulitsa fodya, pamene ndalama zamapepala zifunika zambiri kumidzi. Ndalamazo zibwerera ku matauni pamene alimi agula feteleza ndi kulipira sukulu. Kuchuluka kwa ndalama kwa m'nyengo yokolola sikufanana ndi kuchuluka kobwera chifukwa chakuti Boma labwereka ku banki yaikulu: koyamba kuli ndi mbewu kumbuyo kwake, kwachiwiri kulibe.

Chachitatu nchakuti mlimi amene ali kutali ndi banki sayerekeza ndalama ndi makalata a ngongole ya Boma. Aiyerekeza ndi mbuzi, njerwa ndi chimanga. Kwa iye chofunika ndi mtengo wa mawa, monga Cagan anapezera. Wamalonda wa m'tauni aiyerekeza ndi dola, ndipo mbiri ikamveka yakuti kwacha itsitsidwa mphamvu, monga inatsitsidwira ndi 44 pa 100 alionse mu Novembala 2023, iye afulumira kugula katundu kapena ndalama zakunja. Mu 1973 Bambo Ronald McKinnon ndi Bambo Edward Shaw a pa yunivesite ya Stanford anaonetsa kuti kumene chiwongoladzanja cha osunga chili pansi pa kukwera kwa mitengo, anthu athawa mabanki, ndipo mabankiwo asowa ndalama zobwereketsa kwa ofuna kuyamba ntchito za chitukuko.

Chachinayi ndicho lamya ya m'manja. Chiyambire M-Pesa ku Kenya mu 2007, ndi Airtel Money ndi Mpamba kuno kwathu, ulendo wa ku banki wasanduka wa kukaona wothandiza amene ali pansi pa mtengo pamsika. Zimene makina otapira ndalama anachita ku America, lamya ikuchita mu Africa, ndipo ofufuza ayenera kukonzanso masamu awo.

CHOTSALA M'NKHOKWE

Pa zaka zonsezi ofufuza agwirizana pa mfundo zinayi. Anthu asunga ndalama zambiri zopeza zawo zikakula. Asunga zochepa chiwongoladzanja chikakwera. Asunga zochepa akaopa kuti mitengo ikwera. Ndipo asunga zochepa njira zolipirira zikapepuka. Chimene chalephereka ndicho kupeza nambala imodzi yosasintha yoti banki yaikulu iitsate maso ali chitsinzire.

Boma litha kulamula kuti pepala ili likhale ndalama, ndipo banki itha kusindikiza mapepala ochuluka monga ifunira. Koma palibe lamulo lokakamiza mayi wogulitsa tomato kuti agone nalo pepalalo kufikira mwezi wamawa. Iye alisunga pokhapokha akhulupirira kuti lidzagulabe zimene ligula lero. Chikhulupiriro chimenecho chimangidwa zaka zambiri, koma chitha kugumuka m'nyengo imodzi, ndipo madzi akatayika saoleka. Inu owerenga, mukadzalandira malipiro kapena kugulitsa mbewu, mudzawerenge masiku amene ndalamazo zidzagona m'nyumba mwanu, ndipo mudzadzifunse chimene chakufulumizitsani kapena kukuchedwetsani. Yankho lanu, pamodzi ndi mayankho a anzanu mamiliyoni, ndilo limene akatswiri onsewa akhala akuyesa kuliwerenga.